Mpeni wa Statham sudziwa ntchito

Mu The Expendables (2010), Jason Statham akaponya mpeni mdani amagwa pompo, kaya ali pafupi kaya patali. Anyamata m'mavidiyo sho a kwa Changata amakuwa, koma filimuyi ikutinamiza. Mpeni ukaponyedwa umazungulira m'malere. Akatswiri oponya mipeni ndi tinkhwangwa amayeza kaye mtunda, apo ayi chogwirira ndicho chimamenya thabwa.

Chondinyansa kwambiri n'chakuti mufilimuyi mpeni ulibe mtengo: waponya, waiwala. Kuno wodulira tiyi amanola wake m'mamawa n'kuusamala ngati khanda, poti ndiwo umabweretsa ufa pakhomo.

Onerani, sangalalani. Koma mng'ono wanu akatenga mpeni wa amayi kukayesera pa nthochi, mulandeni msanga.