Qui si who: mndandanda umene umasocheretsa olankhula Chifalansa pophunzira Chingerezi

Pali kamndandanda ka mizere inayi kamene aphunzitsi ambiri amalemba pabolodi akamaphunzitsa Chingerezi kwa anthu odziwa kale Chifalansa. Kamati *qui* ndi *who*, *que* ndi *which* kapena *that*, *dont* ndi *whose*, ndipo *où* ndi *where*. Nkosavuta kuloweza, ndipo wophunzira amatuluka m'kalasi akuganiza kuti nkhani ya alowam'malo amgwirizano waithana nayo. Koma mndandanda umenewu ndi umene umabala zolakwika zambiri zomwe mphunzitsi yemweyo amadzazichonga ndi cholembera chofiira sabata yotsatira.

Nkhaniyi si ya ku Paris kokha. Dziko la Rwanda linasiya kuphunzitsa m'Chifalansa nkuyamba Chingerezi kutsatira chigamulo cha mu 2008. Kuno kwathu, kumsasa wa Dzaleka ku Dowa kuli anthu ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ndipo ambiri mwa iwo sukulu anayamba m'Chifalansa. Amene akufuna satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza Chingerezi, apo ayi satifiketiyo palibe. Choncho kaphunzitsidwe ka timawu tinayiti kali ndi mtengo wake.

Tiyambe ndi mzere woyamba. Chifalansa chikamasankha pakati pa *qui* ndi *que*, chimafunsa ntchito imene dzinalo likugwira m'nthambi ya chiganizo. Likakhala mwininkhani, ndi *qui*. Likakhala pamtherankhani, ndi *que*. Kaya ndi munthu, kaya ndi mpando, zilibe kanthu. Nchifukwa chake amati *le livre qui est tombé*, buku limene lagwa, komanso *l'homme que j'ai vu*, bambo amene ndinawaona. Chingerezi chimafunsa funso lina: kodi ndi munthu kapena ndi chinthu? Munthu ndi *who*, chinthu ndi *which*. Ndiye wophunzira amene wauzidwa kuti *qui* ndi *who* akalemba *the book who fell*, walakwa chiyani? Watsata bwinobwino zimene anamuuza. Wolakwa ndi mndandanda.

Kunena zoona, mndandandawu sunangotuluka m'mutu mwa munthu. Pofunsa funso, *qui* ndi *who* ndithu. Komanso *qui* akabwera pambuyo pa mperekezi amaimira munthu yekha: *l'ami à qui je parle*, pamene chinthu chimatenga *lequel* ndi abale ake, monga *la table sur laquelle j'écris*. Apa ndi pamene pali mwayi umene mndandanda umataya. Wolankhula Chifalansa amadziwa kale kusiyanitsa munthu ndi chinthu, kungoti amatero pakangodya kamodzi ka galamala yake. Mphunzitsi akanangomuuza kuti zimene umachita pambuyo pa mperekezi, Chingerezi chimachita paliponse, ntchito ikanachepa ndi theka.

Mzere wa *dont* ndiye woopsa kwambiri. *Dont* amalowa m'malo mwa *de* ndi dzina, ndipo *de* ali ndi ntchito zambiri kuposa kusonyeza umwini. *L'homme dont je parle* m'Chingerezi ndi *the man I am talking about*, ndipo *whose* mulibemo. Ngakhale pamene *whose* akuyeneradi, kayalidwe ka mawu nkosiyana. Chifalansa chimati *la femme dont je connais le fils*, dzina la mwanayo nkukhala kumapeto pamodzi ndi *le*. Chingerezi chimakokera dzinalo kutsogolo nkutaya *the*: *the woman whose son I know*. Ziganizo ngati *whose the son* kapena *whose I know the son* zimachokera pomwepa. Nayenso *où* sangokhala wa malo okha, amagwiranso ntchito pa nthawi. *Le jour où je suis arrivé* ndi *the day when I arrived*, kapena kungoti *the day I arrived*, osati *the day where*.

Chitsanzo chomalizachi chikutifikitsa pa zimene mndandanda sutchula nkomwe. Chingerezi chimalola kusiya mlowam'malo akakhala kuti si mwininkhani: *the film we saw*, *the girl he married*. Chifalansa cholembedwa sichilola zimenezi, *que* ayenera kukhalapo basi. Chingerezi chimasiyanso mperekezi ali yekha kumapeto, monga *the house I live in*, chinthu chimene Chifalansa cha m'mabuku chimakana. Zotsatira zake nziwiri. Polankhula, wophunzira amati *the house in which I live* ngakhale akucheza ndi mnzake pamsika, zomwe si zolakwika koma zimamveka ngati kalata ya kukhothi. Powerenga ndiye vuto lenileni: akakumana ndi *the man the police arrested escaped*, amaona mayina awiri ogundana ndi aneni awiri ogundana, osadziwa kuti wathawa ndani. Mndandanda wa mawu ndi mawu sungaphunzitse chinthu chimene chilibe mawu.

Palinso *ce qui* ndi *ce que*, amene ophunzira amangowamasulira kuti *what*. Nthawi zina zimatheka, monga *what I want*. Koma akamaloza chiganizo chonse chimene changonenedwa, Chingerezi chimafuna *which*: *he came late, which annoyed me*. Ndipo *tout ce que* ndi *all that* kapena *everything*, osati *all what*.

Nanga nthawi ya m'kalasi imathera kuti? Kawirikawiri imathera pa *whom*, amene eni chiyankhulo ambiri sawatchula pocheza, ndi pa lamulo loti nthambi yosankha dzina pakati pa anzake iziyamba ndi *that* yekha, osati *which*. Lamuloli linatchuka ndi buku la H. W. Fowler la mu 1926, ndipo akonzi a zolemba ku America amaligwiritsa kwambiri. Koma Fowler ankapereka maganizo a momwe zikanakhalira bwino, sankafotokoza momwe anthu amalembera. Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, mu galamala yawo ya Cambridge ya mu 2002, amaonetsa kuti *which* ndi wovomerezeka m'nthambi zotere. Kuchonga *the book which fell* ngati cholakwika nkulanga wophunzira pa mlandu umene kulibe. Chofunika kudziwa ndi mbali inayo: nthambi yongoonjezera uthenga, imene imatsekeredwa ndi mipatuliro, siyamba ndi *that*. *My brother who lives in Lyon* akutanthauza kuti abale alipo angapo, pamene *my brother, who lives in Lyon* akutanthauza mmodzi. Chifalansa chili nako kale kusiyana kumeneku, ndipo chimagwiritsanso mpatuliro. Apanso mphunzitsi akanamangira pa zimene wophunzira wabwera nazo.

Kwa ife olankhula Chichewa, chinthu chimodzi nchoyenera kusamala tikamaphunzitsa anthu otere. Chiyankhulo chathu chimafunsa funso lachitatu. *-Mene* amatsata gulu la dzina: mwana amene, chitseko chimene, mudzi umene. Sasamala za mwininkhani kapena pamtherankhani, ndipo sasiyanitsa munthu ndi nyama, paja timati galu amene monga timanenera mwana amene. Timasunganso kachizindikiro ka pamtherankhani mkati mwa mneni, monga *mu* mu munthu amene ndinamuona, ndipo nchifukwa chake ana athu amalemba *the man whom I saw him*. Mphunzitsi wozolowera cholakwika chimenechi akhoza kuganiza kuti mwana wa ku Bukavu akudwala matenda omwewo, pamene vuto lake lachokera kwina. Mankhwala a mwana wa ku Mponela sangamuchize.

M'malo mwa mizere inayi ija, wophunzira apatsidwe mafunso atatu oti azidzifunsa. Kodi dzinali ndi munthu kapena chinthu? Kodi nthambiyi ikusankha dzina pakati pa anzake, kapena ikungoonjezera uthenga? Kodi pambuyo pa mlowam'malo pakubwera mwininkhani wina, kotero kuti mlowam'maloyo ndikhoza kumusiya? Funso lachitatuli ndi limene wolankhula Chifalansa angaliyankhe mosavuta kuposa wina aliyense, chifukwa kumva kusiyana kwa *qui* ndi *que* anayamba ali mwana. Pafupifupi paliponse pamene akananena *que* m'nthambi yosankha dzina, Chingerezi chimamulola kusanena kanthu. Umenewu ndiye mzere umene unayenera kukhala pabolodi tsiku loyamba.