Za Anyamata Asanu ndi Chimbale Chao

Ambiri a inu owerenga munamvako mau a anyamata asanu a ku America otchedwa Backstreet Boys, kapena pa wailesi kapena m'basi, ngakhale maina ao simunawadziwe. Mwezi uno tifuna kuweruza chimbale chao chotchedwa The Hits – Chapter One, chimene chinatuluka m'mwezi wa Okotobala 2001. Chimbale cha mtundu uwu sichikhala cha nyimbo zatsopano ai. Koma amasankha zimene anthu anazikonda koposa m'zimbale zakale, naziika pamodzi, monga mai asankha ngala zonenepa za mapira kuti zikhale mbeu. Mwa ichi munali nyimbo yatsopano imodzi yokha, dzina lache Drowning.

Gululi silinayambe monga iyambira kwaya ya pamudzi, pamene abwenzi angokomana madzulo nayamba kuimba. Munthu wamalonda, dzina lache Lou Pearlman, ndiye anawasonkhanitsa ku Orlando, m'dera la Florida, m'chaka cha 1993: Nick Carter, AJ McLean, Howie Dorough, Kevin Richardson ndi Brian Littrell. Nick anali mwana wa zaka 13 chabe. Ndipo nyimbo zambiri zimene zinabukitsa mbiri yao sanazipeke okha. Zinapekedwa kutali ku Stockholm, m'dziko la Sweden, ndi Max Martin pamodzi ndi anzache. Chifukwa cha ichi akatswiri ambiri olemba za nyimbo anawapeputsa, nanena kuti awa ndi zidole zovekedwa bwino, zoti asungwana aziwononga nazo ndalama za makolo ao.

Ife sitivomerezana nao kotheratu. Amene anayesapo kuphunzitsa ana a sukulu kuimba m'magawo anai adziwa kuti kugwirizanitsa mau ndi nchito yowawa. Wina athamanga, wina atsalira, wina afuna kuti amveke yekha. Tsono mverani As Long As You Love Me, kapena Show Me the Meaning of Being Lonely. Brian atsogolera ndi liu loonda loyera, AJ alowa ndi liu lokhakhala ngati la munthu wausinkhu, Kevin agwira pansi. Ndipo pofika pa kolasi onse asanu asanduka liu limodzi, osamvekanso mwini wache. Ichi sichigulidwa ndi ndalama za Pearlman, chidza ndi kubwereza kosatopa. M'zimbale zao zakale nyimbo zabwino zinali kubisika pakati pa zina zongodzaza malo, monga maungu m'udzu. Koma muno aziika poyera zokhazokha, kotero kuti ngakhale ena mwa onyoza aja anavomera kuti nyimbozi, poziika pamodzi, ziri ndi luso lenileni.

Koma pa mau a nyimbozo, pamenepo tikhala kumbali ya onyoza. Pafupifupi zonse zinena chinthu chimodzi: mnyamata adandaulira namwali kuti asamsiye. Yomveka koposa zonse, I Want It That Way, mukaimasulira bwino mupeza kuti ndime zache zikangana zokha, ina ikana chimene inzache ifuna. Eni ache omwe anavomera kuti tanthauzo lache silimveka. Mwana wa sukulu atalemba chimangirizo chotere tikanambwezera kuti akalembenso. Komabe dziko lonse linaimba, pakuti chuni chache chigwira mtima mutu usanafunse kanthu. Tiyenera kuvomera kuti ifenso tinaing'ung'udza tiri kupalira.

Tsono za malonda. Chimbale chao cha 1999, Millennium, chinagulidwa makope 1,134,000 m'sabata yoyamba ku America kokha; Black & Blue cha 2000 chinafika pafupi ndi 1.6 miliyoni m'sabata yache yoyamba. Koma ichi cha 2001 chinagulidwa makope 197,000, nichikhala pa nambala 4 pa mndandanda wa Billboard. Pambuyo pache chinapitirira ndithu makope 1 miliyoni, ndipo oimba ambiri akanavina nacho chiwerengero chotere. Koma anthu poyerekeza ndi zakale zija anati dzuwa la anyamatawa lalowa.

Apa ndipo pagona mlandu, pakuti anyamatawo sanafune kuti chimbalechi chituluke. Anati nthawi isanakwane. Anafuna kudikira chaka cha 2003, pamene gulu likanakwanitsa zaka khumi. Ndiponso chaka chimenecho cha 2001 chinali chowawa kwa iwo: m'mwezi wa Julaye AJ McLean analowa m'nyumba yothandizira ogwidwa ndi mowa ndi ovutika mumtima, ndipo ulendo wao woimba unayamba waima. Koma kampani yosindikiza zimbale zao, Jive, inaona kuti msika wa nyimbo zotere uli kuzirala, ndipo Khirisimasi iri pafupi. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, wamalonda sadekha. Anathyola dowe m'munda wa eni, eni ali chiyang'anire. Ngakhale mau aja akuti Chapter One, ndiwo mutu woyamba, ife tiwamva ngati kudandaula kwa oimba, kuuza anthu kuti buku silinathe. Pakuti ku maiko ao chimbale chotere amachiyesa mwala wa pamanda.

Tipatukeko pang'ono, pakuti pali chinthu chimene chidzakudabwitsani. Jive inali nthambi ya kampani yaikulu yotchedwa Zomba, imene Clive Calder ndi Ralph Simon, anthu ochokera ku South Africa, anaiyamba ku London m'chaka cha 1975. Ndipo dzinalo analitenga pa Zomba wathu yemweyu, likulu lakale la dziko lino. M'chaka cha 2002 kampani ya BMG inagula Zomba ameneyo pa madola 2.74 biliyoni. Wa kuno sanalaweko ngakhale tambala.

Chaka chomwecho, m'mwezi wa Novembala, anyamata aja anasumira Zomba, nafuna madola osachepera 75 miliyoni, ponena kuti kampani inatangwanika ndi chimbale cha Nick Carter yekha niinyalanyaza gulu. Sikunali koyamba kukangana ndi owasunga. Kale anali atasumira Pearlman, ponena kuti iwo analandira ngati madola 300,000 pamene iye anatenga ngati 10 miliyoni. Pakuti munthuyu analandira gawo la woyang'anira, nadziwerengeranso gawo ngati woimba wachisanu ndi chimodzi, iye wosaimba ngakhale liu limodzi. M'chaka cha 2008 anamlamula kukhala m'ndende zaka 25 pa mlandu wina wonyenga anthu osungitsa ndalama, ndipo anafera momwemo m'chaka cha 2016.

Chifukwa chache ife tiyesa kuti amene anawerenga makope 197,000 aja nanena kuti gulu latha, anayesa changu cha wamalonda, sanayese mau a oimba. Chimbalecho nchokoma kumva, chosauka pa nzeru, ndipo sichinali cha eni mau ali m'menemo. Iwo anakhala chete kufikira 2005, pamene anatulutsa Never Gone. Ndipo mu 2019, ali amuna aakulu a mabanja, chimbale chao DNA chinakhala pa nambala 1 pa mndandanda womwe uja wa Billboard. Koma mutu wachiwiri wa buku lija sanautulutse.