Mantha ndi nthabwala mu filimu ya The Lost Boys

Filimu yofuna kuopseza ndi kuseketsa nthawi imodzi kawirikawiri imalephera zonse ziwiri, chifukwa munthu akangochiseka chilombo, basi, sachiopanso. The Lost Boys, imene Joel Schumacher anatsogolera ndipo inatuluka mu 1987, inalewa msampha umenewu pogawa ntchito pakati pa ana awiri a mimba imodzi. Banja lasamuka ku Phoenix kukakhala kwa agogo ku Santa Carla, tauni yongopeka imene inajambulidwa ku Santa Cruz, m'chigawo cha California. Michael, wamkulu, ndiye wasenza mantha onse, pakuti akukopeka ndi gulu la anyamata a njinga zamoto amene ndi mizukwa yoyamwa magazi. Mng'ono wake Sam, pamodzi ndi anzake Edgar ndi Alan Frog, ndiwo asenza nthabwala.

Kumbali ya Michael kulibe choseketsa woonera. David, mtsogoleri wa gululo amene Kiefer Sutherland anasewera, amaseka ndithu, koma kuseka kwake ndi kwa munthu wozunza mnzake. Akumupatsa Michael mpunga, kenako mpungawo ukuoneka ngati mphutsi. Akumutengera pa mlatho wa sitima usiku, onse n'kulendewera kunsi kwake, n'kumadziponya mmodzimmodzi m'nkhungu yosaoneka pothera. Wojambula filimuyi, Michael Chapman, amene anajambulanso Taxi Driver ndi Raging Bull, sationetsa mizukwayi ikuuluka poyamba. Kamera ndiyo imatsika kuchokera m'mwamba kugwera munthu amene akukuwa, moti woonera amakhala ali m'maso mwa mlenje. Nkhope zawo zenizeni zimabisidwa mpaka mkati ndithu mwa filimu, pamene akuukira anthu owotha moto m'mphepete mwa nyanja. Woonera amayamba wawasirira anyamatawa, kenako ndiye amaona mano.

Luso lenileni lili pa chakudya chamadzulo chimene Lucy, mayi wa Michael ndi Sam, wakonzera chibwenzi chake Max, mwini sitolo ya mavidiyo. Sam ndi anzake aja akumuganizira kuti ndiye mkulu wa mizukwa, ndipo nzeru zawo zonse azitenga m'timabuku ta zithunzi. Akumupatsa adyo m'malo mwa tchizi, akumukhuthulira madzi, akuzimitsa magetsi n'kumuikira kalilole kumaso. Zonse zikulephereka, Lucy wachita manyazi, woonera akuseka n'kumuchotsa Max pa mndandanda wa oganiziridwa. Komatu pakhomo paja Max anali atadikira kuti Michael amuuze kuti alowe, ndipo kumapeto akuulula yekha kuti ukamulowetsa wekha m'nyumba mzukwa, zida zako zimatha mphamvu. Nthabwala ija inali chophimba. Tinasekera pamene tinayenera kutchera khutu. Corey Feldman akuthandizira pomusewera Edgar ndi mawu okhuthala ausilikali osamwetulira ngakhale pang'ono, choncho timaseka kudzikhulupirira kwa mwana, pamene choopsacho chikadali chomwecho.

Wina anganene kuti awa ndi mafilimu awiri ongolumikizidwa, ndipo kuti kumapeto malire aja akugwa: madzi odalitsidwa ali mu mfuti zoseweretsa ana, mzukwa wina ukusungunukira m'bafa, wina ukuphulikira pa wailesi ya nyimbo. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo n'zoona kuti otsatira a David akufa mwachipwirikiti. Koma awiriwa amafa chonchi chifukwa alowa m'nyumba, bwalo la ana aja, ndipo amene akuwapha ndi omwe akhala akutiseketsa. David akulimbana ndi Michael, ndipo imfa yake pa nyanga za nyama zimene agogo amaumika ilibe nthabwala. Nkhope yake imabwerera kukhala ya mnyamata wamba. Chodandaula chimene sichingayankhidwe n'cha Star, mtsikana wa m'gulu la David, amene Jami Gertz anasewera: anangoikidwa ngati nyambo yokokera Michael, osapatsidwa mantha akeake kapena choseketsa chake.

Mbali ziwirizi zimakumana mwa agogo okha. Iwo ndiwo akubowola khoma ndi galimoto yodzaza mitengo yosongoka n'kupha Max, kenako akupita ku firiji, akutenga chakumwa, n'kudandaula za mizukwa ya m'tauniyo ngati munthu wodandaula za udzudzu. Ndiye kuti ankadziwa kuyambira tsiku limene analandira mwana wawo ndi zidzukulu, koma sanawachenjeze.