Buku la Nkhondo ya Chiwaya: Ubwino Wake ndi Chosowa Chake

Buku la Melvin E. Page lotchedwa The Chiwaya War, losindikizidwa m'chaka cha 2000, lifotokoza za anthu a Nyasaland pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Mwini bukuli sanadalire makalata a boma okha ai. M'zaka za m'ma 1970 anafunsa nkhalamba za m'midzi zimene zinaiona nkhondoyo ndi maso, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya bukuli.

Ubwino woyamba ndi dzina lake, pakuti lichokera m'kamwa mwa eni nkhani. Chiwaya ndicho chokazingiramo chimanga. Tsono dzina lomweli linapatsidwa kwa mfuti ija yolira mosalekeza ngati chimanga chothetheka pamoto. Liu limodzi lotere limvetsa mwana kuopsa kwa nkhondo koposa tsamba lathunthu la maina a akazembe.

Ubwino wachiwiri ndi wakuti bukuli likumbuka amtengatenga. Chipilala cha ku Zomba chisunga maina a asilikari a King's African Rifles, koma amuna pafupifupi 200,000 amene anasenza ufa ndi zipolopolo sanalembedwe pamwala mmodzimmodzi. Chiyambire kumenyana kwa pa Karonga pa 9 September 1914, kufikira kugonja kwa Ajeremani ku Abercorn mu November 1918, anthu awa anatengedwa m'midzi, ambiri mokakamizidwa, ndipo zikwi za iwo zinafera m'njira ndi njala ndi kamwazi.

Komatu pali chosowa chachikulu. Nkhalambazo zinalankhula m'zinenero zao, koma mau ao afika kwa owerenga m'Chingerezi. Mfundo zaoloka bwino, koma kakomedwe ka mauwo kanatsala tsidya lija, kotero kuti mdzukulu wa mtengatenga sangamve liu la agogo ake m'bukumo.

Ntchito yotsalayi igwera aphunzitsi. Mboni zonse zinapita, koma magule a beni, malipenga ndi mganda, otsanzira perete wa asilikari, akali kubvinidwa, ndipo mabanja ena akumbukirabe amene anapita osabwerera. Mphunzitsi wanzeru atume ana kukafunsa kwao, nalembe zimene amva monga momwe zanenedwera, osazikonza kuti zifanane ndi za m'buku. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera pokhapo pamene wina wawasunga.