Mlendo Wokana Kukamuka: Kuwerenga Sanctuary Kuchokera ku Katlehong

Mu Seputembala 2019, anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe adathawa m'nyumba zawo ku Katlehong, kum'mawa kwa Johannesburg, nakabisala m'maholo a boma la mzinda wa Ekurhuleni. Patapita masiku, ambiri adakwera mabasi kubwerera kwawo. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Katlehong mamewo adachita kukamutsidwa ndi moto.

Wowerenga amene akukumbukira zimenezi amaliona mwina buku la Christa Kuljian lotchedwa Sanctuary, lomwe lidatuluka mu 2013. Bukuli likusimba za tchalitchi cha Central Methodist, pamsewu wa Pritchard mkatikati mwa Johannesburg, chomwe motsogozedwa ndi Bishopu Paul Verryn chidasanduka pogona pa othawa kwawo, makamaka a ku Zimbabwe. Chipwirikiti cha mu Meyi 2008, chomwe chidapha anthu 62, chidachulukitsa chiwerengero chawo kufika zikwi. Ankagona pamakwerero, m'makonde, ngakhale panja m'mbali mwa msewu.

Mphamvu ya bukuli yagona poti mlembi sadakometse chikondi chimenechi. Akutinunkhitsa zimbudzi zosefukira. Akutimvetsa madandaulo a maloya ogwira ntchito moyandikana ndi tchalitchicho, kuthyola kwa apolisi mu Januwale 2008, nkhani zoti ana ena ankachitidwa nkhanza mommo, ndi kuimitsidwa kwa Verryn paudindo mu 2010. Koposa zonse akupereka mpata kwa akhristu eni tchalitchi, amene ankabwera Lamulungu m'mawa atavala zoyera n'kupeza malo awo opemphererapo ali fungo lokhalokha. Awa si anthu oipa mtima. Kalata yoyamba ya Yohane imalamula wokhulupirira kutaya moyo chifukwa cha abale, koma kwa iwowa lamulolo silidafike ngati imfa ya tsiku limodzi yoimbidwa m'nyimbo. Lidafika ngati kutopa kwa chaka ndi chaka, mlendo osakamuka. Ndipo nsembeyo adaisankha ndi bishopu, oisenza n'kukhala iwo. Kuljian sakuweruza mbali iliyonse, ndipo wachita bwino kutero.

Chofooka chake n'chakuti maso ake sachoka pa munthu mmodzi ndi nyumba imodzi. Verryn ndi munthu wokopa mlembi aliyense: mbiri yake imabwerera ku Soweto mu 1988, pamene Stompie Seipei adatengedwa m'nyumba yake ya ubusa. Koma nkhani ikazungulira ngwazi, mpingo wamba umapepukidwa, ngati kuti kukonda mbale mpaka kupwetekedwa nako ndi mphatso ya anthu apadera. M'malokishi monga Katlehong mulibe bishopu wodziwika kwa atolankhani. Muli mayi wobwereketsa chipinda cha malata kuseri kwa nyumba yake, amene gulu likafika pachipata ayenera kusankha pomwepo kubisa mlendi wake kapena kumutulutsa, pamene mwina dzulo lake adaimba naye limodzi m'tchalitchi. Za mayi wotereyu, yemwe nyumba yake ingatenthedwe usiku womwewo, Sanctuary sikunena zambiri.

Kumapeto kwa 2014 Verryn adachoka pa Central Methodist, ndipo otsala m'nyumbamo adauzidwa kuti asamuke. Bukuli lidali litasindikizidwa kale, kotero mutu umenewo mulibemo.