Mapazi a Cheryl Strayed

Bukuli likuyamba ndi jombo imodzi ikugubuduzikira kuphompho. Mayi wakhala pamwamba pa phiri kumpoto kwa California, wavula jombo kuti mapazi apumeko, chikwama chake n'kupendekeka, n'kukankha imodzi, basi yapita. Wayang'ana yotsalayo, waona kuti jombo imodzi ilibe ntchito, n'kuiponya komweko. Tsamba limeneli ndinaliwerenga chiimire pa kaunjika wa mabuku m'mbali mwa msewu mu Blantyre muno, wogulitsa akundiyang'ana ndi diso loti kodi akulu mugula kapena mumalizira pompano. Ndinagula.

Bukuli ndi Wild, la Cheryl Strayed wa ku America, lomwe lidatuluka mu 2012. Likusimba ulendo wapansi womwe mlembiyu adayenda yekhayekha mu 1995, ali ndi zaka 26, m'njira yotchedwa Pacific Crest Trail. Njirayi ndi yotalika makilomita oposa 4,200, kuchokera kumalire a Mexico mpaka ku Canada, kudutsa m'chipululu ndi m'mapiri a California, Oregon ndi Washington. Iye adayendako pafupifupi makilomita 1,770 m'miyezi itatu, kuyambira ku Mojave mpaka pa mlatho wa Bridge of the Gods pa mtsinje wa Columbia. Chidamutuma n'chisoni. Mayi ake adamwalira ndi khansa mu 1991 ali ndi zaka 45 zokha, ukwati wake udatha, iye n'kulowerera mpaka kuyamba heroin.

Ndikudziwa zomwe ena mwayamba kale kunena. Kwathu kuno kuyenda pansi si masewera. Munthu amayenda chifukwa ya minibasi palibe, ndipo woyenda dala miyezi itatu atabereka katundu, osapita kumaliro kapena kofuna ntchito, abale angamutengere kwa asing'anga. Nanenso ndinatsegula bukuli ndi mtima womwewo, woti walira mvula walira matope, tisamve madandaulo. Koma pofika pakati ndinali nditasiya kufunsa chomwe adayendera. Ndinkangofuna kudziwa kuti lero adya chiyani, nanga madzi akawapeza kuti.

Tsiku la woyenda njira yotereyi silisiyana ndi dzulo lake. Kudzuka, kupinda tenti, kumata mabala, kubereka chikwama, kuyenda, kufuna madzi, kuwasefa ndi kapampu, kuyendanso, kuphika, kugona. Alembi ambiri kubwerezaku amakuopa, ndiye amathawira kotamanda mapiri ndi kulowa kwa dzuwa. Strayed wakhala momwemo. Chikwama chake chidali cholemera moti tsiku loyamba, m'chipinda cha motelo ku Mojave, adalephera kuchitukula. Adachita kukhala pansi, kulowetsa mikono m'malamba, n'kudzuka chogwada. Adachitcha Monster, kunena chilombo, ndipo chilombocho chidamusupula m'chiuno mpaka khungu kuuma ngati chikumba. Sitovu adaigulira mafuta olakwika, choncho masiku oyambirira ankadya zosaphika. Jombo zidali zothina, zikhadabo zakuphazi n'kumada, n'kumazuka chimodzichimodzi, iye akuziwerenga ngati zigoli pa mpira wa pakati pa iye ndi njirayo. Pomaliza njira idagoletsa 6, iye n'kutsala ndi 4.

Ndiye pali nkhani ya kamba ndi ndalama, yomwe kwa ine ndi msana wa buku lonse. Palibe amene angasenze chakudya cha miyezi itatu. Asananyamuke adalongedza makatoni, mnzake wa ku Portland n'kumawatumiza pa positi ku timidzi ta m'mbali mwa njira. M'katoni iliyonse mudali zakudya zouma, buku loti awerenge ndi madola 20. Moyo wake wonse udasanduka kuwerengera masiku a pakati pa katoni ndi katoni inzake. Pali ndime zomwe waima pa kagolosale, akuyang'ana botolo lozizira la Snapple, uku akuwerenga timasenti m'dzanja. Aliyense amene adadikirapo malipiro a nkhani yake ya m'nyuzi miyezi itatu, ngati ine, ndime zimenezi azimva popanda womasulira. Buku akamawerenga ankang'amba masamba omwe wamaliza n'kuwatentha kuti katundu apepuke. William Faulkner adapsa choncho. Ine wa ndakatulo mtima unangokhala pansi nditaona kuti kabuku ka ndakatulo ka Adrienne Rich adakasunga mpaka kumapeto.

Mutu womwe ndaubwereza katatu ndi wa ku Hat Creek Rim, dera louma komanso lotentha. Adadalira thanki ya madzi yotchulidwa m'buku lolondolera njira, kufikapo n'kupeza youma gwa. Adakoka mapazi mpaka pa kathamanda ka matope, kupopa madzi onyansawo, kuthira mankhwala, n'kudikira kuti mankhwalawo agwire ntchito, kukhosi kuli gwa. Chifukwa chotopa adangogona pamtetete osakhoma tenti, usiku n'kudzidzimuka thupi lonse lili ndi tiachule. Apa mlembi sakutiphunzitsa kanthu. Akungonena zomwe zidachitika, chimodzi pambuyo pa chinzake, ndipo woliwerenga umapezeka wadzuka kukamwa madzi.

Chimodzimodzinso nkhani ya mantha. M'njiramo muli zimbalangondo ndi njoka zaululu, ndipo adakumana nazo, koma tsamba lomwe limaziziritsa nkhongono ndi la ku Oregon, pomwe alenje awiri adamupeza yekha madzulo, mmodzi n'kubwerera ndi maso ena. Palibe chidachitika. Iye adapasula tenti n'kuthamanga mumdima. Amayi amene amabwerera kudimba kapena kumsika dzuwa litalowa safuna kuwafotokozera tsamba limenelo.

Koma ndinganame nditati bukuli lilibe chilema. Strayed adalilemba patapita zaka zoposa khumi chiyendereni, ndipo nthawi zina mayi wamkulu wolembayo amaika nzeru zake m'kamwa mwa mtsikana woyendayo. Chilichonse cha m'njira chimasanduka khomo lolowera kwa malemu mayi ake. Nkhandwe ikaoneka, ndi mayi. Maluwa akaoneka, ndi mayi. Koyamba zimakhudza mtima, kachisanu umayamba kuona dzanja la mlembi likukoka zingwe kuseri kwa nsalu. Chokumbukira chimodzi chokha ndicho chayima pachokha, cha tsiku lomwe iye ndi mlongo wake adawombera kavalo wokalamba wa mayi awo, kavaloyo n'kukana kufa msanga. Masamba omaliza nawo ndi osesedwa mopitirira, ngati pabwalo poyembekezera alendo. Chisoni chomwe ine ndimachidziwa sichithera pa mlatho. Filimu ya mu 2014, momwe muli Reese Witherspoon, idakuza chilema chomwechi, poti kamera singapirire kuonetsa masiku khumi ofanana.

Ena adzati bwanji osangowerenga Bill Bryson, yemwe mu 1996 adayesa Appalachian Trail, ya makilomita pafupifupi 3,500 kuchokera ku Georgia mpaka ku Maine, n'kulemba A Walk in the Woods. Werengani ndithu, museka mpaka nthiti kuwawa, makamaka za mnzake Katz akutaya chakudya m'thengo tsiku loyamba kuti katundu apepuke, ndi za mbewa zoyenda pa anthu m'zisakasa zogonamo. Koma Bryson kuyenda kukamukwana amakwera galimoto, ndipo tsamba likamukwana amakuuzani mbiri ya mitengo. Sadafike ngakhale theka la njirayo, ndipo mwini wake sabisa.

Amene ndakhala ndikumuganizira kwambiri powerenga Wild ndi wathu yemwe, malemu Legson Kayira. Mu 1958 adanyamuka kwawo kumpoto wapansi, atatenga kankhwangwa, bulangete, Baibulo ndi Pilgrim's Progress, akuti akaphunzire ku America. Adafika ku Khartoum mu 1960, ndipo ulendowo uli m'buku lake la mu 1965, I Will Try. Iyeyu sankadikira katoni pa positi. Akafuna kudya ankaima n'kugwira ganyu. Strayed jombo zitamuthina adaimbira lamya sitolo yomwe adagulako, n'kumutumizira zina zaulere. Kafikireni komwe zidali, adayenda ndi masandasi omata ndi tepi. Ulendo wa Kayira ndi waukulu kuposa wa Strayed kutali. Komabe ndikawerenga Kayira ndimatsala ndi njala. Maso ake ali kutsogolo, ku sukulu, ndiye masiku a m'njira amamezedwa ambirimbiri m'ndime imodzi. Mwina n'chifukwa choti woyenda mokakamizika saona chachilendo m'matuza ake. Amaona ngati kulemba za mapazi n'kutaya pepala.

Zikatero ndiye kuti tataya zambiri, pakuti ife ndi mtundu woyenda. Agogo athu ambiri adapita ku Halale ndi ku Joni wapansi, masabata ndi masabata, koma m'nkhani zathu zolembedwa mtchona amanyamuka pa tsamba lino, tsamba lotsatira wafika kale pa mgodi. Ankagona pati? Mchere ukatha ankatani? Mitsinje ankawoloka bwanji? Agogo anga aamuna adayenda ulendo umenewo ali mnyamata. Ndili mwana ndinkawafunsa za galamafoni ndi jekete yomwe adabwera nayo, iwo n'kumafotokoza mosangalala. Mapazi awo ong'alukawo ndinkawaona tsiku lililonse pakhonde, koma sindinawafunsepo, ndipo iwonso sananenepo.