Kodi Buddha Anaphunzitsa za Kamphindi?

Mabuku ambiri ofotokoza chipembedzo cha Chibuda amati Buddha anaphunzitsa kuti chinthu chilichonse chikhala kamphindi kamodzi kokha, nichitha, ndipo china chofanana nacho chilowa m'malo mwake. Koma munthu akafunafuna chiphunzitso chimenechi m'malembo akale a chinenero cha Pali, sachipeza. Chimene chilimo ndi anicca, ndiko kuti zonse zopangika zidzatha. Kunena kuti mbiya idzasweka tsiku lina nkosiyana kwambiri ndi kunena kuti ili kusweka ndi kuumbikanso nthawi zonse.

Amene akana zimenezi amagwira mawu a m'buku la Samyutta Nikaya, m'mene mtima wa munthu aufanizira ndi pusi woyenda m'nkhalango, amene agwira nthambi iyi, naitaya, nagwira ina. Fanizoli nlokoma ndithu, komatu iwo awerenga theka lake lokha. Pamalo omwewo Buddha anenanso kuti thupi lioneka lili kukhala chaka chimodzi, zaka 10, ngakhale zaka 100 ndi kupitirira. Tsono ngati thupi likhala zaka 100, kamphindi kaja kali pati? Za mtimawo anangoti usinthasintha usana ndi usiku; sanawerenge timphindi ayi. Ngakhale liwu loti khana, limene pambuyo pake linadzatanthauza kamphindi, m'malembo akalewo kawirikawiri litanthauza mpata wabwino umene munthu sayenera kuutaya.

Umboni wina uli m'buku la mikangano ya amonke lotchedwa Kathavatthu, limene mwambo umati linayamba m'masiku a mfumu Asoka, zaka za m'ma 200 Khristu asanabadwe. M'menemo ganizo lakuti zinthu zonse zitha pa kamphindi kamodzi ka mtima latsutsidwa, ndipo wotsutsayo aloza nthaka, nyanja ndi mitengo. Chotero ganizolo linalipo, koma linali mlandu wosagamulidwa.

Linadzakhazikika patapita nthawi yaitali. M'zaka za m'ma 400 Buddhaghosa, polemba Visuddhimagga ku Sri Lanka, anati moyo wa chamoyo uli ngati gudumu la gareta, limene likhudza pansi pa malo amodzi okha. Alexander von Rospatt, m'buku lake la 1995, analondola mbiri imeneyi, napeza kuti chiphunzitsochi chinakula Buddha atamwalira kale. Chimene alakwa olemba aja ndi kuwerenga malembo akale ndi maso a Buddhaghosa.